Manda Awiri a aZayinali

Chaka chakwana chimwalirire abambo aakulu, koma mpaka lero kwathu kwa Dambe munthu akabwera ndi nkhani amayamba watchula malo. Sanena kuti ng'ombe yathyoka mwendo ayi. Amati kudambo, kumunsi kwa chitsime, ng'ombe yathyoka mwendo. Alendo amadabwa nazo. Ife tinazolowera, chifukwa kwa zaka zambirimbiri panali munthu pakhonde lina amene sankalola nkhani kuyenda usanamuuze kumene yachitikira.

Dzina lawo linali Lameki Banda, koma ndikukayika ngati achinyamata a m'mudzi muno ankalidziwa. Tonse tinkati aZayinali. Mawuwa ndi a Chitchaina, ndipo eni akewo ankati ndi funso lofunsa malo. Ukangoti, "Abambo, mwamva zachitika?" iwo ankakweza chala chimodzi n'kunena kuti, "Zayi nali?" Ukapanda kuyankha ankatembenukira kumbali ngati palibe amene wayankhula. Ine zinkandinyansa, makamaka nkhani ikakhala yokoma, koma ndinkayankha ndithu.

Anali amuna awo a mayi anga aakulu, aNachisale. Kunena mwachidule, anali mkamwini. Kwawo kunali tsidya la malire, ku Zambia, mudzi woti ukanyamuka panjinga m'mawa umakafika dzuwa lisanapweteke. Mwana anabereka mmodzi yekha, ndipo anamwalira asanayambe kuyenda. Aliyense wa kuno akudziwa zimene zimachitikira mkamwini wotere. Mkazi akamwalira amamusudzula kuti abwerere kwawo, ndipo akamwalira iyeyo mtembo ndi wa abale a kwa amayi ake. Koma abambo aakulu ankafuna kudzagona kuno, pambali pa mkazi wawo ndi mwana wawo. Sankachita kunong'ona. Ankazinena pagulu, motsimikiza ngati munthu amene wauzidwa kale yankho.

Chitchainacho anachitola ali mnyamata, kumpoto kwa Zambia, kumene anapita kukagwira ntchito yoyala njanji yochokera ku Tanzania imene Matchaina ankamanga. Anzawo anabwerako ndi mawu otukwana ndi oitanira chakudya. Iwo anabwerako ndi chiyankhulo chonse, kapena tinene chokwanira kukangana nacho. Anawaphunzitsa ndi kapitawo wawo, bambo wina wamfupi wosuta fodya kwambiri dzina lake Cheni, amene nayenso ankafuna Chinyanja. Ankasinthana mawu pa nthawi yopuma, wina kuloza nyundo, wina kuloza ndowa.

Chimene chinawagwira mtima pa chiyankhulocho si mawu ake oimbaimba aja, koma mmene chimasamalira malo. Izi anatifotokozera kambirimbiri, ofuna ndi osafuna omwe. Ankati Mtchaina amayala mawu ake monga mmene ulendo umayendera. Kumene munthu wachokera amakutchula poyamba, asananene kuti wabwera. Pamene ntchito ikuchitikira amapatchulanso patsogolo, amati "ine m'munda ndikulima," pakuti munthu amayamba wafika m'munda kenako n'kugwira khasu. Koma pamene chinthu chakathera amapasungira kumapeto, amati "ndaika khasu pankhokwe," pakuti khasulo limafika pankhokwe kuikako kutachitika. Ukaoneka kuti sukumva ankakuitanira mbuzi. Mbuzi ikamadumphadumpha ili kale pachulu, chulu chimatsogola. Ikadumpha kuchokera pansi n'kukatera pachulu, chulu chimatsalira kumbuyo. Mbuzi ndi yomweyo, chulu n'chomwecho, koma womvera amadziwa ngati mbuziyo ikusewera kapena yafika.

Chinkawasangalatsa koposa n'chakuti Matchaina nawonso amatha kunena kuti "pakhomo paima mlendo," monga timanenera ife, malo n'kukhala ngati ndiwo mwini nkhani. Ankati azungu zimenezi zimawavuta, ndipo ankalumbira kuti agogo a Achewa ndi agogo a Matchaina anatungapo pachitsime chimodzi. Apa ndiye aNachisale ankaseka mpaka kutsokomola. Panalinso china chimene ankachinena mawu atatsika. Ankati pa mawu ngati kukhala ndi kugona, Mtchaina amakulola kuika malo kumene ukufuna, patsogolo kapena kumapeto, ndipo mkamwini aliyense amayenera kusankha yekha ngati mudzi wa mkazi wake ndi pogwirira ntchito chabe kapena ndi pamene wafikira.

Atangokwatira kuno inali nthawi ija yoti munthu wodziwa Chitchaina akanatha kuitanidwa kuboma kukayankha mafunso. ANachisale anawaletseratu kuchiyankhula pa anthu. Ndiye ankachiyankhula kwa ng'ombe zawo za pangolo. Ng'ombezo zinafika pochizolowera moti sizinkamveranso munthu wina. Tsiku lina amalume anga aDayisoni, mchimwene wawo wa aNachisale, anabwereka ngolo osapempha kuti akatute chimanga. Anakuwa, anamenya, ng'ombe zili chiimire pakati pa msewu, anthu akuseka. Abambo aakulu anafika mosafulumira, ananena timawu tiwiri, ng'ombe n'kunyamuka. Amalume sanaiwale manyazi a tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo awiriwa ankakangana pa chilichonse, malire a dimba, mbewu yabwino ya mtedza, tsiku loyamba kubzala. Amalume ankawatchula kuti mlendo, ngakhale mlendoyo imvi zinamumerera pamudzi pomwe pano.

Zinthu zitasintha, Matchaina n'kuyamba kubwera ndi masitolo ndi magalimoto a katundu, anthu othandiza za kasitomu kuchipata cha malire anamva kuti kwa Dambe kuli mkulu womasulira. Ankatumiza njinga yamoto kudzawatenga. Ankavala jekete lawo lotuwa, n'kukwera kumbuyo ali njo ngati akupita kukalandira mfumu. Anyamata a Chitchaina ankawaseka kuti amayankhula ngati agogo awo, ndi mawu achikale amene kwawoko anasiyidwa. Iwo sankakhumudwa. Ankati ana amenewo ndi amene ataya chiyankhulo chawo, ndipo akafuna angabwere kwa Dambe adzawakonzere.

Koma anthu a kuno sankawalemekezera Chitchaina. Ankawalemekezera khasu. Abambo aakulu anali mtsogoleri wa adzukulu, anthu okumba manda, ndipo sanakanepo maliro. Kugwe mvula, nthaka ikhale youma ngati mwala, iwo ankakhala oyamba kufika ndi omaliza kusamba m'manja. Ankadziwa amene wagona paliponse m'manda athu, ngakhale pamene mtumbira unafafanizika kalekale. Ntchitoyi anaiyambira kunjanji konkuja. Cheni anadwala malungo n'kumwalira njanji isanathe, ndipo kwawo kunali kutali koti mtembo sukanapita. Abambo aakulu anali m'gulu la okumba. Asanatsitse bokosi, Mtchaina wina anatulutsa kathumba kamene malemuyo ankasunga m'sutikesi mwake, n'kukhuthulira m'dzenjemo. Munali dothi la kumudzi kwawo. Abambo aakulu ankati tsiku limenelo anaphunzira kuti munthu atha kugona kutali ndi kwawo popanda kukhala wotayika.

Nkhani ya chitini inachokera pamenepo. Pansi pa bedi lawo pankakhala chitini chakale cha mafuta ophikira, chodzaza ndi katondo wofiira wa pabwinja la nyumba ya amayi awo, tsidya lija. Sichinali chinsinsi. Mudzi wonse unkachidziwa, ndipo ena ankanena kuti mwina ndi mankhwala, koma ambiri tinkangoti ndi misala ya aZayinali. Chaka china Khirisimasi itayandikira, aNachisale anaona kuti dothi lathu lotuwali silikongoletsa nyumba. Anatapa theka la chitinicho n'kuzira nalo khonde. Khonde linakongola zedi. Abambo aakulu atabwera kudimba anaima, anayang'ana, analowa m'nyumba, anatuluka ndi chitini chopepuka m'manja.

"Nachisale, dothi langa lili kuti?"

"Mwaliponda kumene. Simumafunsa malo inu? Ndi pamenepo."

Abambo aakulu anakwiya masiku angapo, kudya ankadyera kudimba. Kenako anamangirira chitini panjinga n'kupita kwawo kukadzazanso. Mlongo wawo aNabanda, amene anatsala yekha pa mbumba ya amayi awo, ndiye anawagwirira chitinicho iwo akufukula, monga anachitiranso ulendo woyamba. Atabwerako mkwiyo unali utatha, ndipo pakhonde lofiira lija ndi pamene anakhazikitsa mpando wawo mpaka imfa.

ANachisale ndiwo anatsogola. Titameta maliro, akuluakulu a banja anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti asudzule mkamwini. Ine ndinali pamphasa ya amayi. Amalume aDayisoni, monga mwini mbumba, ndiwo anayankhula, ndipo ndinene chilungamo, anayankhula mwaulemu.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, palibe angatsutse. Lero tikukumasulani. Kwanu akukudikirani."

Abambo aakulu anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Zikomo alamu. Kumasulako ndalandira. Koma mwati ndipite kuti?"

"Kwanu."

"Kumene mukunenako ndi kumene ndinachokera. Kuno ndiye ndinafikira. Dimba lija mwakhala mukulifuna, tengani. Ngolo tengani, ng'ombe zake mudzaziphunzitsa Chichewa. Ine mundisiyire nyumba ndi malo a pambali pa mkazi wanga."

Anthu ena anaseka za ng'ombezo, koma amalume sanaseke. Anati mwambo si wa iwo okha, anaupeza. Pamenepo abambo aakulu anatambasula manja awo onse awiri, zikhatho kumwamba, kuti aliyense aone.

"Amayi anu anawakumbira ndani? Nanga abambo anu? Nanga ana anu awiri aja, alamu? Manja awa alowa m'dothi lanu kuposa manja a munthu aliyense wakhala pano. Mwana wanga ali momwemo. Mkazi wanga ndamuika dzana lomweli. Ndiye mlendo ndi ine?"

Amayi anga, amene sankayankhula pabwalo, anati, "Achimwene, asiyeni bambowa. Akachoka adzatilozera ndani pamene pagona anthu athu?" Amayi ena anavomereza chapansipansi. Amalume anatembenukira kwa mlamu wawo.

"Kukhala khalani," anatero. "Koma tsiku lanulo mtembo si wathu. Eni ake akadzabwera, ife pakamwa tilibe."

"Adzabwera," anayankha abambo aakulu akuvala chipewa, "ndipo adzandisiya."

M'mawa mwake anatenga kachidutswa ka chitsulo cha njanji kamene ankasulirapo makasu, n'kukakhomera pansi kumanda, kumanja kwa mtumbira wa aNachisale. Dimba anaperekadi. Zaka zotsatirazo ankadya kwa ife, ndipo kukangana ndi amalume sikunathe, kunangosamukira pa bawo. Malo a pachitsulo paja ankawalambula nthawi iliyonse kukachitika maliro. Ine mtima unkandiwawa ndikawaona akutero, chifukwa ndinkadziwa kuti lonjezo analibe. Amene akanapereka lonjezolo anali tsidya lina la malire, ndipo sanafunsidwe.

Anamwalira masana, anthu atamaliza kukolola, atakhala pampando wawo. Ndinawapititsira madzi akumwa n'kupeza chipewa chagwera pansi. Uthenga unapita kwawo pafoni, ndipo mphwawo Yobu, mwana wa aNabanda amene amachita bizinesi ku Chipata, anayankha kuti abwera m'mawa ndi galimoto kudzatenga amalume ake. Anatinso kwawoko adzukulu awauza kale, akumba pambali pa amayi a malemuwo.

Kutacha ndinamva makasu kumanda kwathu. Ndinadabwa, chifukwa palibe chimene chinali chitagwirizanidwa. Ndinapeza amalume aDayisoni ataima m'mphepete mwa manda, atatsamira ndodo, chitsulo chija chili m'manja. Ndiwo anadzutsa adzukulu.

"Amalume, nanga eni ake akabwera?"

"Mlanduwo ndi wanga. Ndinati pakamwa ndilibe, sindinati khasu ndilibe."

Maso awo anali ofiira, ndipo sindinawafunsenso china.

Yobu anafika dzuwa litakwera, amayi ake ali kutsogolo kwa galimoto. Atamva kuti kuno kwakumbidwa, nkhope inasintha. Vuto lake aliyense ankaliona. Dzenje la manda likakumbidwa siligona lopanda kanthu. Ngati mtembo sulowamo amadula thunthu la nthochi n'kuikamo m'malo mwa munthu, kenako n'kukwirira. Tsopano maenje analipo awiri, munthu mmodzi. Mbali imodzi inayenera kuika nthochi, ndipo panalibe amene ankafuna kuti akhale iye.

"Manje ise takumba kale," anatero Yobu m'Chinyanja cha kwawo. "Munthu ni wathu. Mwamudyera mphamvu zake zonse kuno, mufuna na mafupa omwe?"

Mawuwo anali owawa, koma bodza munalibe. Amalume anayesa kufotokoza zimene malemu ankanena, Yobu anati zonena za munthu sizithyola mwambo. Mawu amenewo anali a amalume omwe, aja a pansi pa mango. Anthu a mpingo anasiya kuimba. Ine ndinaona kuti basi, abambo aakulu akwera galimoto.

ANabanda nthawi yonseyi anali m'nyumba ya siwa, pafupi ndi mutu wa mchimwene wawo. Anali okalamba kwambiri, maso akuona mwa apo ndi apo. Anandikodola ine chifukwa ndinali pafupi ndi chitseko.

"Mwanawe, chitini chija chikadalipo?"

Ndinagwada n'kuchikoka pansi pa bedi. Chinali cholemera, chadzimbiri m'mbali. Anachisisita ndi dzanja, kenako anati ndiwagwire mkono tipite kumanda. Tinadutsa pakati pa amuna akukangana aja, ndipo mkangano unazima wokha, onse n'kutitsatira. Adzukulu anapatuka. ANabanda anafunsa kuti mlamu wawo wagona mbali iti, nanga khanda lija lili pati. Ndinawalozera. Anaima m'mphepete mwa dzenje, anatsegula chitini, n'kuyamba kukhuthula. Katondo wofiira anagwera pa dothi lathu lotuwa mpaka pansi ponse panafiira.

"Yobu, imba foni kwathu. Uwauze adule nthochi."

"Amama, nanga ambuya akhale okha?"

"Amayi anamubereka, anamuona akupita, sanamuletse. Chitini ichi ndinamugwirira ine kawiri konse. Ukuyesa sindinkadziwa chimene ankatengera dothi?"

Pamenepo analira ngati mwana. Atapuma anati, "Ine ndimati ndidzagone pakati pa amayi ndi iyeyu. Ndinamudikira moyo wanga wonse kuti adzabwera ngakhale atafa. Basi, wagona pa dothi lakwathu, musiyeni." Ndinalira nawo, chifukwa ndinaona kuti chimene ife tapeza chachoka m'manja mwa mayi ameneyu. ANabanda anapempha adzukulu kuti adzaze chitinicho ndi dothi lofukulidwa m'dzenje la kuno, kuti akaliike pamodzi ndi nthochi ija. Amalume aDayisoni anakana kuti wina agwire. Anagwada okha movutikira, n'kudzaza ndi manja.

Tinawaika masana omwewo, kumanja kwa aNachisale, khanda lawo lili kumiyendo. Yobu anaponya nawo dothi, ndipo pobwerera anayendetsa galimoto yopanda bokosi, amayi ake atafukata chitini pamiyendo. Ndinamva kuti tsidya lija anakwirira dzuwa lisanalowe, ndipo aNabanda amasesa mtumbirawo monga amasesera wa amayi awo.

Sabata yatha ndinapita kukatsegula nyumba ya abambo aakulu kuti ipite mphepo. Palibe amene akugonamo. Jekete lotuwa lidakali pamsomali. Bedi tinapatsa ena, ndiye pansi pali poyera, ndipo pakona pakuoneka chizindikiro cha dzimbiri pamene chitini chinakhala zaka zonse zija. Ndinasesa mozungulira, osapakhudza. Panja, khonde linayamba kugumuka ndi mvula ya chaka chino, koma m'munsi mwa khoma katondo wa aNachisale akuonekabe kufiira. Mpando uli pomwe paja, bawo lili pansi pake. Amalume aDayisoni amabwera masana ena n'kukhala pa njerwa pambali pa mpandowo. Pampando penipenipo sakhalapo.